Kulondola Mapazi a Agogo Amene Adatchona

M'chigwa chathu chino, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka, ndi mabanja owerengeka amene alibe mtchona. Kwa ena ndi agogo aamuna amene adakwera sitima pa Port Herald n'kulonjeza kuti abwera chaka chamawa. Kwa ena ndi amalume amene adatumiza makalata awiri, kenaka zii. Ambirife timangoti "adatchona ku Halale", nkhani n'kuthera pomwepo. Koma munthu sayenda osasiya mapazi. Mapazi a anthu amenewa adatsala m'mapepala, ndipo wodekha angathe kuwalondola.

Tiyambe ndi kukula kwa nkhaniyi. M'nthawi ya atsamunda, msonkho unkafunika ndalama, chonsecho ntchito kuno inali yosowa ndipo malipiro ake anali ochepa. M'chaka cha 1935 Bwanamkubwa adakhazikitsa komiti yofufuza za amuna opita kunja, ndipo komitiyo idayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 a mu Nyasaland anali kunja kwa dziko. Tsono agogo anuwo sadali okha. Anali mu gulu lalikulu limene maboma ndi makampani ankaliwerenga ndi kulilemba m'mabuku.

Funso loyamba kufunsa akuluakulu ndi lakuti: adachoka liti? Chaka chenicheni mwina sachikumbukira, koma angathe kunena kuti kunali nkhondo ya Hitler isanayambe, kapena itapita njala ya 1949. Nthawiyo ndiyo imatiuza njira imene adadzera. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, idafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915. Ya kutsidya, yochokera ku Beira, idatsegulidwa mu 1922, ndipo anthu ankaoloka mtsinjewo pa sitima ya pamadzi. Mlatho wa pa Dona Ana ndi Sena udatsegulidwa mu 1935. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kuyenda pa njanji yokhayokha mpaka ku Beira, kapena kusintha sitima n'kulowera ku Umtali ndi Salisbury. Osowa ndalama ya tikiti ankayenda pansi kudzera ku Tete. Enanso sadafike n'komwe ku Halale, adaima m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates ku Mopeia, Marromeu ndi Luabo.

Funso lachiwiri: adamutenga ndani? Ena ankapita paokha, aja ankatchedwa a selufu. Ena adatengedwa ndi Mthandizi kukalima m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Ena adalembedwa ndi Wenela kukalowa m'migodi ya golide ku Joni. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda adaletsa kulembako. Kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, aja timati Theba, mpaka kudaleka mu 1988. Wa Wenela kapena Theba ndi wosavutirapo kumutsata chifukwa ankapatsidwa nambala ndi kudinda zala. Ngati m'nyumba muli chiphaso chokhala ndi nambala imeneyo, chisungeni ngati ndalama.

Tsono tifike pa mabuku a maina ndi makeyala, amene Azungu ankawatcha directory. Mabukuwa ankatuluka kawirikawiri chaka ndi chaka, ndipo ena odziwika anali a kampani ya Braby ya ku Durban. Tinene chilungamo: sadalembere ife mabuku amenewa. Muli maina a Azungu, makampani, mafamu, migodi, mahotela ndi masitolo a Amwenye. Munthu amene ankaphika m'khichini kapena kusoka pa khonde la sitolo simudzamupezamo. Koma bwana wake alimo, ndipo mpamene pagona nzeru. Makalata a makolo athu ankadzera pa keyala ya bwana. Mukapeza envulopu yakale yolembedwa nambala ya bokosi la positi ndi dzina la tauni, onani chidindo cha positi kuti mudziwe chaka. Kenaka tsegulani directory ya chaka chimenecho, muone mwini bokosilo. Mukatero mwadziwa ngati agogo anali pa mgodi, pa famu ya fodya kapena pa sitolo. Envulopu yachiwiri ikakhala ndi keyala ina, ndiye kuti adasamuka, ndipo mwapeza phazi lachiwiri. Amene agogo awo adachokera ku India n'kudzatsegula sitolo ku Chiromo kapena ku Port Herald ali ndi mwayi woposa, pakuti dzina la sitolo lingathe kupezeka mwachindunji.

Chenjerani ndi maina a malo, poti ambiri adasintha Zimbabwe italandira ufulu mu 1980. Salisbury ndiye Harare, Umtali ndiye Mutare, Gatooma ndiye Kadoma, Que Que ndiye Kwekwe, Wankie ndiye Hwange, Shabani ndiye Zvishavane, ndipo Sinoia ndiye Chinhoyi. Mukafunafuna Kadoma m'buku la 1950 mudzabwerako chimanjamanja.

Nyuzipepala nazo zili pawiri. Za Azungu, monga Rhodesia Herald, Bulawayo Chronicle ndi Nyasaland Times, sizinkalabadira dzina la munthu wakuda pokhapokha pakhale mlandu kapena ngozi. Komabe zimathandiza kumvetsa zimene zidachitika pamalo pamene mbale wanu anali. Mwachitsanzo, ngati makalata ochokera ku Wankie adaleka kubwera mu 1972, werengani za pa 6 June chaka chimenecho, pamene mgodi wa malasha udaphulika n'kupha anthu 427, ndipo Amalawi analimo. Zina zinali zolembera anthu akuda: Bantu Mirror ya ku Bulawayo, African Weekly ya ku Salisbury, ndi Msimbi imene boma linkatulutsa kuno m'zaka za m'ma 1950. M'menemu ndimo munkatuluka makalata a owerenga, nkhani za m'makomboni, maukwati, maliro ndi mpira. Mabuku ndi nyuzipepala zotere zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, imene idayamba mu 1947, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, ndi ku National Archives of Zimbabwe ku Harare. Kuwerenga kwake n'kwa tsamba ndi tsamba. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto lalikulu kwa ife Asilamu ndi maina. Kalaliki wolemba chitupa ankalemba monga wamvera. Yusufu ankatha kusanduka Joseph, Musa kukhala Moses, Daudi kukhala David. Ena ankapatsidwa dzina la pa ntchito ndi bwana, ena ankayendera chitupa cha mbale wawo. Ife a m'malire tili ndi chinanso: munthu wa ku Mutarara ankatha kulembetsa ngati wa ku Nyasaland, kapena wa kuno kulembedwa ngati wa kwa Apwitikizi. Choncho lembani maina onse: la kubadwa, la Chisilamu, la bambo wake, mfunda, mudzi ndi mfumu yaikulu, kaya ndi Tengani, Malemia, Lundu kapena Ngabu. Mudzi ndi mfumu sizisintha chisawawa ngati dzina.

Pamene mabuku a boma athera, yambirani ku mzikiti. Gawo lalikulu la Asilamu a ku Zimbabwe ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera kuno, makamaka Ayao, amene adamanga mizikiti m'migodi, m'mafamu ndi m'malokeshoni. Ephraim Mandivenga adalemba za iwo m'buku lake la 1983 lotchedwa Islam in Zimbabwe. Mukadziwa tauni, lemberani shehe wa mzikiti wa kumeneko. Nkhalamba za pa mzikiti zimakumbukira amene adamanga nikaha ndi amene adamuika m'manda.

Wina afunsa kuti, kuvutikiranji ndi munthu amene adamwalira kalekale? Chifukwa ambiri adasiya ana. Lamulo la unzika la ku Zimbabwe litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a matchona adayamba kuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene adabadwira, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 adawatsegulira njira. Ambiri a iwo sadziwa mudzi wa atate awo, pamene ife sitidziwa manda ake. Iwo ali ndi theka la nkhani, ife tili ndi theka linalo. Chibale ndi fupa, sichiola.

Chodetsa nkhawa n'chakuti theka lathulo likutha. Madzi osefukira a mu January 2015 ndi namondwe Freddy wa mu March 2023 adakokolola katundu wambiri m'chigwa muno, ndi mapepala omwe, ndipo akuluakulu odziwa nkhanizi akutisiya mmodzimmodzi. Pa Idi ino, banja lonse lili pamodzi, tulutsani makalata, zitupa ndi zithunzi zimene zatsala m'masutikesi. Zijambuleni pa foni, mutumizirenso mbale wokhala kumtunda. Mwana mmodzi atenge kope akhale pafupi ndi agogo aakazi, alembe maina, mudzi ndi chaka. Ulendo wa ku Zomba udzabwera pambuyo, Insha Allah. Idi yabwino kwa nonse.