Sukulu inakocheza pa doko liti?

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, nkhani ija imabwerabwera pa magulu athu, yoti a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma anabadwa ndi nzeru za m'kalasi pomwe a ku Mangochi ndi Salima mitu yawo ndi ya usipa basi, ine imanditopetsa. Tiyeni tiione bwino. Ndi yaitali, koma werengani, bando simuthera apa.

Sitima ya amishoni a ku Scotland, Ilala yoyamba ija, inalowa m'nyanja yathu mu Okutobala 1875. Inabwera zidutswazidutswa, anthu anaisenza pamutu kulambalala mathithi a Shire, n'kuimanganso kumtunda. Ife amakaniko timadziwa kuti boti lophwasula silibwerera mwakale mophweka, ndiye amenewo ndimawavulira chipewa. Anakhazikika ku Cape Maclear, m'dziko la Mfumu Mponda. Mwamva? Sukulu inayambira kum'mwera kuno. Koma malungo anawapha, manda awo alipo mpaka lero, ndipo patatha zaka zisanu anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe.

Kumeneko anapeza Atonga atapanikizika ndi nkhondo za Angoni, akukhala mothinana m'malinga pafupi ndi nyanja. Kwa iwo mzungu anali chishango, komanso khomo la ntchito, poti kampani ya African Lakes inkawalemba kunyamula katundu ndi kugwira m'sitima. Ana anadzaza m'masukulu. Mu 1894 anatsegula sukulu yaikulu ku Khondowe, yophunzitsa uphunzitsi, ukalaliki, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku. Ku Likoma nako a Anglican analowa mu 1885, kenako sitima yawo ya Chauncy Maples inkazungulira madoko ndi aphunzitsi.

Nanga kwa Mponda ndi kwa Makanjira? Mafumu a Chiyao sankasowa chishango cha munthu. Anali ndi mfuti zawo, malonda awo a minyanga ndi akapolo opita kugombe la Indian Ocean, ndipo anali atayamba kulandira Chisilamu. Sukulu ya mishoni inkabwera ndi kalasi ya ubatizo m'thumba. Kholo linkaona kuti kutumiza mwana kumeneko ndi kumutaya. Ana ankapita ku madarasa, ankawerenga Chiarabu bwinobwino, koma ofesi ya bwanamkubwa inkafuna Chingerezi. Boma la atsamunda linasiyira maphunziro m'manja mwa mipingo, moti dipatimenti ya maphunziro linadzaikhazikitsa mu 1926. Ndiye wa ku Bandawe anapita ku Joni ndi ku Salisbury kukakhala kalaliki kapena kapitawo, wakuno anakhala telala, msilikali wa KAR, wogulitsa nsomba. Malipiro anasiyana kuyambira pomwepo, ndipo mwana wa kalaliki amakula akuona buku pa tebulo.

Tsono pali munthu mmodzi amene ndimafuna mumudziwe, Clements Kadalie. Anabadwa mu 1896 ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, mdzukulu wa Mfumu Chiweyu. Anamaliza ku Khondowe ali ndi zaka 16 ali mphunzitsi kale. Anachoka kwawo mu 1915, n'kudutsa ku Mozambique, n'kugwira ukalaliki ku migodi ya ku Rhodesia, mpaka kufika ku Cape Town mu 1918. Chaka chotsatira anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ndi anthu 24, ambiri ogwira pa doko. Mu Disembala 1919 anaimitsa ntchito pa doko la Cape Town. Pofika 1927 bungweli linkati lili ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo chaka chomwecho iye anakalankhula ku Ulaya. Mnyamata wa kunyanja ameneyo, aise!

Banja lachifumu ndi Chingerezi cha ku Khondowe zinamutsegulira njira, palibe angatsutse. Koma anzake a m'kalasi anali ambiri, ndipo ochuluka anakalamba akulemba maina a anthu m'mabuku a mgodi. Iye anali ndi pakamwa poyaka moto ndi mtima wosaopa mzungu. Mtima womwewo unali ndi mbali ina. Sankafuna kuuzidwa, ndalama za bungwe sizinkayenda bwino, anakangana ndi A.W.G. Champion wa ku Natal mu 1928, ndipo mu 1929 anatuluka m'bungwe lomwe anayambitsa yekha. Anamwalira mu 1951 ku East London ali ndi kagulu kakang'ono. Injini yamphamvu, chiwongolero cholobodoka.

Ana a derali anapitiriza. Orton Chirwa, loya woyamba wa Chimalawi, anali wa ku Nkhata Bay. Kanyama Chiume anali wa ku Usisya. Kusiyana kunakula mpaka boma la Kamuzu linabweretsa kota posankha ana a ku yunivesite mu 1987, ndipo mu 1989 linabweza aphunzitsi a kumpoto kwawo. Kunena zoona, pamenepo anangomanga miyendo wothamanga, m'malo momangira woyenda pang'onopang'ono sukulu.

Pulayimale yaulere inabwera mu 1994, ana anachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Koma pa doko masamu ake ndi ena. Mnyamata wa Sitandade 6 akakoka chilimira usiku umodzi usipa utagwa, m'mawa ali ndi ndalama m'manja, pomwe mkulu wake wa Fomu 4 akudikira ntchito pakhomo. Mwana wa mwini boti ndi injini amapita ku sekondale yogonera, amene bambo ake ndi okoka chabe amalowa m'boti lomwelo kukakapa madzi. Siginala amene amawerenga mphepo, mwezi ndi mayendedwe a usipa m'mdima, n'kuuza anthu khumi pomwe aponye ukonde, mukamufunsa anasiyira kalasi yanji ambiri amakuuzani Sitandade 4 kapena 5, chaka chomwe bambo awo anawafuna pa ukonde.