Zilembo za pamwala wa Trajan: inayamba ndi burashi

Pakati pa mzinda wa Roma pali chipilala chotalika mamita oposa 30 chimene chinamalizidwa m'chaka cha 113, pokumbukira nkhondo zimene Mfumu Trajan inapambana ku Dacia, dera limene lero ndi Romania. Alendo ambiri amangoti maso m'mwamba, kuona asilikali osemedwa mozungulira chipilalacho. Amisiri a zilembo iwo amayang'ana m'munsi, pamwamba pa kakhomo, pomwe pali mizere 6 yokha ya mawu a Chilatini.

Mawuwo anachita kuwagoba m'mwala wa nsangalabwi. Chilembo chilichonse ndi kangalande kotakasuka pamwamba, kosongoka pansi, moti chala chimatha kuyendamo. Dzuwa likamasuntha, mbali imodzi ya kangalandeko imawala, ina n'kugwa mthunzi, ndipo chilembo cha m'mawa sichioneka chimodzimodzi madzulo. Zilembo za mizere ya pamwamba n'zokulirapo pang'ono kuposa za m'munsi, kuti woima pansi azione ngati zofanana. Pamwalapo palibe H, J, K, U, W, Y ndi Z, choncho ngakhale dzina loti Chichewa silingalembeke ndi zilembo zimene zilipozo.

Chimene chinkazunguza anthu mitu ndi timichira ta kumapeto kwa zilembo, timene osindikiza mabuku amati serif. Ambiri ankakhulupirira kuti tinabwera ndi tchizulo, mmisiri akamasalaza pothera mzere. Amene anatsutsa zimenezi ndi Edward Catich wa ku America. Iye anabadwa mu 1906, anakula ali wamasiye, ndipo ankadya za thukuta lake polemba zikwangwani ku Chicago asanapite ku Roma m'zaka za m'ma 1930 kukaphunzira zaunsembe. Ali kumeneko ankapitapita pachipilalacho. Ankayeza zilembozo, n'kumayala mapepala pamwalapo ndi kuwasisita mpaka chilembo chilichonse chitadindika.

Dzanja lake linazindikira chimene ophunzira sanachione. Pamene mzere ukunenepa, pamene ukuwonda, momwe S akukhotera, zonsezo zinali zizolowezi za burashi yaphwatalala, yofanana ndi imene iye ankagwira ku Chicago. M'buku lake la The Origin of the Serif, lotuluka mu 1968, Bambo Catich anafotokoza kuti mlembi ankayamba wajambula mawuwo pamwala ndi burashi, wosema n'kubwera pambuyo kutsata pentiyo. Kamchira kaja n'kumene burashi imatera ndi kumene imanyamukira.

Mfundo imeneyi imandikhudza. Ndikaona mnyamata ali pamakwerero pamsika, kachitini ka penti kali m'manja, akulemba dzina la golosale popanda chomuongolera, ndimaona ntchito yomweyo imene inayamba kuchitika pamwala wa Trajan tchizulo isanagunde. Chonsecho timamulipira monyinyirika, ngati wangodetsa khoma.

Ku Britain lusoli linadzukanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Edward Johnston, amene mu 1916 anakonza zilembo za sitima zapansi panthaka ku London, anaphunzitsa Eric Gill, wosema miyala yemwe anapanga zilembo za Gill Sans. Gill nayenso anaphunzitsa David Kindersley kuyambira mu 1934. Kindersley anatsegula malo ake osemera ku Cambridge, ndipo atamwalira mu 1995 mkazi wake, Lida Lopes Cardozo, anapitiriza ntchitoyo. Zipata za British Library, zomwe ndi zilembo zachitsulo zokhazokha, zinajambulidwa kumeneko.

Kompyuta inalowerera mu 1989, pamene Carol Twombly wa kampani ya Adobe anatengera zilembo za pachipilala chija n'kupanga zake, zotchedwa Trajan. Zimene zinkasowa pamwalapo anazipanga yekha. Opanga mafilimu ku Hollywood anazikonda kwambiri, ndipo amene anaonapo chikwangwani cha filimu ya Titanic ya mu 1997 anaziwerenga kale.

Koma pagalasi la foni chilembo chilibe kuya, chilibenso mthunzi. Ku Cambridge kuja, wofuna mwala wa pamanda a mayi ake amadikirabe. Mmisiri amajambula mawuwo pamanja, kutalikitsa apa, kufupikitsa apo mpaka diso litakhutira, kenako amatenga tchizulo ndi kanyundo n'kuyamba kugogoda pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.