Khunyu yosagwetsa ndi mankhwala ake

Anthu ambiri akamva za khunyu amaganiza za munthu wogwa pansi, kuphupha ndi kutulutsa thovu kukamwa. Koma pali mtundu wina umene sugwetsa. Mwana ali m'kati mowerenga m'kalasi, mawu amangoduka, maso tong'o, zikope n'kumaphethira mofulumira, mwina milomo n'kumatafuna popanda kanthu. Pakatha masekondi 10 kapena kuposerapo pang'ono amapitiriza pomwe anasiyira, osadziwa kuti chachitika n'chiyani. Madokotala amautchula kuti absence seizure.

Vutoli limakonda kuyamba mwana ali ndi zaka zapakati pa 4 ndi 10, makamaka atsikana, ndipo limatha kumugwira kambirimbiri tsiku limodzi. Ana otere amakalipidwa kuti ndi amwano kapena ogona m'kalasi, chonsecho ndi odwala. Kuchipatala, dokotala amauza mwana kuti auzire pepala mwamphamvu kwa mphindi zitatu kapena zisanu, chifukwa kupuma mofulumira kumadzutsa khunyu imeneyi. Makina a EEG, oyeza mphamvu ya magetsi a muubongo, amaonetsa mafunde odziwika bwino obwerezabwereza katatu pa sekondi.

Mankhwala oyambira ndi ethosuximide, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito cha mu 1958 ndipo m'mayiko ambiri amagulitsidwa pa dzina la Zarontin. Amatseka tinjira tina ta calcium m'chigawo cha ubongo chotchedwa thalamus, chomwe chili pakati pa chipwirikiti chonsechi. Kafukufuku wa ku America amene Tracy Glauser ndi anzake anafalitsa mu 2010 mu New England Journal of Medicine anayerekeza mankhwala atatu pa ana 453. Patatha masabata 16, ethosuximide anali akuthandizabe ana 53 pa 100 aliwonse, valproate 58, lamotrigine 29 okha. Valproate anaoneka kuti akusokoneza kwambiri chidwi cha ana, ndipo kwa mwana wasukulu chidwi ndicho chikufunika. N'chifukwa chake madokotala ambiri amayamba ndi ethosuximide.

Pali chinthu chimene kholo lililonse liyenera kuchidziwa: si mankhwala onse a khunyu amene amathandiza mtundu umenewu. Carbamazepine ndi phenytoin amatha kuukulitsa, ndipo phenobarbitone sathandiza kwenikweni. Awa ndi amene amapezeka msanga m'zipatala zing'onozing'ono za kuno kwathu, motero nkhani ya kufotokoza bwino zimene mwana amachita si yamasewera. Kanema wa pafoni wojambulidwa pa nthawi imene mwana wangoti zii amathandiza dokotala kuposa mawu ambiri. Kubwereka mapiritsi a m'bale wodwala khunyu yogwetsa n'kuika mwana pachiswe. Komanso ethosuximide payekha sateteza ku khunyu yogwetsa. Mwana amene ali ndi mitundu yonse iwiri nthawi zambiri amapatsidwa valproate.

Ethosuximide amabwera m'makapisozi a 250 mg kapena amadzi, 250 mg pa 5 ml iliyonse. Amadziwo ayenera kuyezedwa ndi sirinji kapena kakapu kochokera kuchipatala, osati supuni ya tiyi, chifukwa masupuni a m'nyumba sakula mofanana. Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono poona kulemera kwa mwana. Masiku oyambirira ana ena amachita nseru, kupweteka m'mimba, ntchikwi, kusafuna chakudya kapena kuodzera; kumwa mankhwala atadya kumachepetsa za m'mimbazi. Mwana akaiwala kumwa, asadzamwe kawiri nthawi imodzi pofuna kubwezera.

Zizindikiro zina sizofunika kudikira tsiku la sikelo kapena lobwerera kuchipatala. Totupa pakhungu, zilonda m'kamwa, kutentha thupi ndi zilonda zapakhosi, kapena kutuluka magazi mosadziwika bwino, zingasonyeze kuti khungu kapena magazi zakhudzidwa, ndipo mwana apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso akasintha khalidwe mwadzidzidzi, kukhala wokhumudwa kwambiri kapena kulankhula zodzipha. Mu 2008 bungwe la FDA ku America linachenjeza za maganizo odziphawa pa mankhwala a khunyu.

Valproate ali ndi chiopsezo chake chachikulu kwa atsikana amene atha msinkhu. Mayi akamamwa ali woyembekezera, pafupifupi mwana mmodzi pa 10 amabadwa ndi chilema, ndipo ena ambiri amachedwa kukula m'nzeru. Kuyambira 2018, ku Britain saloledwa kuperekedwa kwa mtsikana kapena mayi amene angatenge pakati pokhapokha atatsata ndondomeko yolera. Wodziona kuti waima asasiye yekha mankhwalawa, athamangire kwa dokotala.

Kusiya mwadzidzidzi n'koopsa pa mankhwala onsewa, chifukwa khunyu imatha kubwerera n'kugwira mwana kwa nthawi yaitali osatsitsimuka. Mankhwala atengedwe ena asanathe. Mpaka matendawa atagonja, mwana asasambe yekha mumtsinje, asakwere mitengo, ndipo asatsale yekha pamoto. Ana ambiri amachira akamafika paunyamata, ndipo akatha zaka ziwiri osagwidwanso, dokotala amayamba kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi ingapo.