Napolo: Chinjoka cha M'phiri Chomwe Chinabala Nyimbo ndi Ndakatulo

Napolo ndi chinjoka chomwe makolo a ku Zomba, Phalombe ndi Mulanje ankakhulupirira kuti chimakhala pansi pa mapiri. Ankati chikafuna kusamuka chimang'amba phiri n'kutsetsereka pamodzi ndi madzi, miyala ndi mitengo mpaka kunyanja. Kwa anthu a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, monga ku Kachulu ndi m'mbali mwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi, njira ya Napolo ndi yomwe madzi a paphiri la Zomba amadzera. N'chifukwa chake madzi akasefukira modzidzimutsa, akuluakulu amati Napolo wadutsa.

Dzinali linamveka dziko lonse mu Disembala 1946, pomwe chimvula chinagumula mbali ya phiri la Zomba. Madzi anakokolola milatho m'tauni ya Zomba, yomwe panthawiyo inali likulu la Nyasaland, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Oimba a Paseli Brothers anapeka nyimbo yotchedwa Napolo, ndipo kuyambira pamenepo nthano ya pamudzi inalowa m'manja mwa aluso.

Kuyang'ana kuphiri pofuna gwero la luso si kwachilendo. Agiriki akale ankati ndakatulo, nyimbo ndi magule zimachokera kwa milungu yaikazi isanu ndi inayi yotchedwa Muses, ana a Zeus ndi Mnemosyne, mulungu wa chikumbukiro. Mlakatuli Hesiod ananena kuti milunguyi inam'patsa luso akuweta nkhosa paphiri la Helicon. Kusiyana kwake n'kwakuti Muses ankagawa mphatso mwamtendere, pomwe Napolo amadzutsa luso kudzera m'maliro ndi chionongeko.

Sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, alembi achinyamata anatembenukira ku nthano za makolo, chifukwa m'nthawi ya chipani chimodzi kudzudzula boma poyera kunali kuputa ndende. Steve Chimombo, mbadwa ya ku Zomba yemwe ankaphunzitsa pasukuluyi, anasandutsa Napolo chiphiphiritso cha mphamvu yosesa anthu mosasankha. Anatulutsa buku la Napolo Poems mu 1987 ndi la Napolo and the Python mu 1994.

Masiku ano akatswiri amafotokoza kuti phiri limagumuka dothi likakhuta madzi, makamaka pomwe mitengo inatha. Komabe dzina silinafe: ngozi ya ku Phalombe ya mu Malichi 1991 imatchedwabe Napolo. Alendo okwera phiri la Zomba mvula ikatha, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, amaona bwino chigwa chonse chomwe madzi a paphirili amadutsamo mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa.