Zizindikiro za hard disk yomwe yayamba kuwonongeka

Hard disk ndi chipangizo chomwe chimasunga mafayilo onse mu kompyuta. Mkati mwake muli timbale tomwe timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, pomwe kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake osakhudza.

Chipangizochi chikayamba kuwonongeka, kompyuta imachedwa kuyaka, imaima mwadzidzidzi ndipo mafayilo ena amakana kutseguka. Choopsa kwambiri ndi kaphokoso kogogoda mobwerezabwereza, komwe kawirikawiri kamasonyeza kuti kamutu kaja kakulephera kuwerenga.

Hard disk imadziyezanso yokha kudzera m'njira yotchedwa SMART, ndipo pulogalamu monga CrystalDiskInfo imaonetsa chiwerengero cha zigawo zomwe zawonongeka. Chiwerengerochi chikamakwera, ndiye kuti vuto likukula. Komabe njirayi siyodalirika kwenikweni. Kafukufuku yemwe kampani ya Google idatulutsa m'chaka cha 2007 adapeza kuti mwa ma hard disk 100 aliwonse omwe adafa, 36 sadapereke chenjezo lililonse la SMART.

Ambiri amathamangira kuyeza ndi chkdsk, koma kutero kumalemetsa chipangizo chomwe chafooka kale. Choyamba nkukopera mafayilo ofunikira kwina, kuyeza kubwere pambuyo.