Mbiri ya Liu Lakuti "Soon"

Mwa mau a Cingerezi onena za nthawi, liu lakuti soon ndi limodzi la oyamba amene mwana wa sukulu amaphunzira. Aphunzitsi amalimasulira kuti "posacedwa," ndipo salakwa. Koma liuli silinabadwe ndi tanthauzo limeneli ai.

M'Cingerezi cakale, cimene cinali kulankhulidwa ku England kufikira ca m'ma 1100, liuli linali sona, ndipo tanthauzo lace linali "nthawi yomweyo." Mfumu ikalamula kuti munthu adze sona, sinali kumpatsa mpata wakuti ayambe watsiriza kudya. Mbale wace wa m'Cigothiki, liu lakuti suns, anali ndi tanthauzo lomwelo.

Nanga mphamvu yace inathera kuti? Inatha ndi kuzengereza kwa anthu. Wangongole analonjeza kubweza sona, nabweza mkuja. Wanchito anabvomera kudza sona, nafika dzuwa litapendeka. Pakupita kwa zaka mazana, akumva analeka kuyembekeza msanga, ndipo liu linatsata macitidwe a eni ace. Akale anati zengerezu adalinda kwaukwau. Pano cimene cinakwawa ndi liu lomwe.

Soon sanagwe yekha m'mbuna imeneyi. Liu lakuti anon linacokera ku on an, ndiko kuti "m'kamphindi kamodzi." M'sewero la Shakespeare la Henry IV, gawo loyamba, losindikizidwa mu 1598, mnyamata woperekera vinyo amayankha ndi liuli mobwerezabwereza kwa munthu womuitana, osapita kukamthandiza. Presently ndi by and by anayendanso njira yomweyo. M'Baibulo la King James la 1611, pa Marko 6:25, mwana wamkazi wa Herodiya apempha mutu wa Yohane Mbatizi by and by. Wowerenga wa lero angaganize kuti mtsikanayo anali wofatsa, wolola kudikira, pamene iye anaufuna mutuwo pomwepo. Cimodzimodzi pa Mateyu 21:19, mkuyu umene unafota presently unafota nthawi yomweyo.

Nthenda imeneyi sinalekere ku England. Amuna a kuno amene anapita ku migodi ya ku Johannesburg anapeza kuti kumeneko wolonjeza kubwera just now akhoza kufika madzulo, ndipo wofuna cangu ayenera kubwereza liu nati now-now.

Komabe tanthauzo lakale silinafe lonse. M'mau akuti as soon as, monga ponena kuti ana aimirire mphunzitsi akangolowa, mulibe mpata wa kucedwa. M'menemo sona wakale akali moyo.

Cifukwa cace wophunzitsa Cingerezi asakhutire ndi tanthauzo limodzi la pa bolodi. Asanamasulire liu la nthawi m'buku lakale, ayambe wafunsa caka cimene bukulo linalembedwa, kuopa kuti angasandutse wopupuluma kukhala wofatsa.