Kuchokera pa Msomali wa Pambaula Kufika pa Tchipi cha Foni

Mu 1949 ku Lusaka kudafika wayilesi yomwe azungu adaitcha Saucepan Special chifukwa thupi lake lidali ngati sefuliya. Idapangidwa ku Britain ndi kampani ya Ever Ready, ndipo inkagulitsidwa mapaundi 5, batire padera. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkayankhulanso Chinyanja, choncho ku Nyasaland kuno makutu adatseguka. Koma kwa wothyola tiyi ku Cholo, monga ankalembera dzina la Thyolo masiku amenewo, mapaundi 5 sadali masewera. M'midzi yozungulira maesiteti a Satemwa, Naming'omba ndi Conforzi, wayilesi idali ya akalaliki, aphunzitsi ndi obwerera ku Joni kapena ku Salisbury. Chinthu chodula choncho chikafa, nanga mungachitaye? Apa ndiye padabadwira mmisiri wa wayilesi.

Transistor, yomwe idatulukiridwa ku Bell Labs mu 1947, idachepetsa wayilesi thupi ndi mtengo womwe. MBC itayamba mu 1964, ndipo kampani ya Nzeru Radio ku Blantyre itayamba kulumikiza mawayilesi konkuno, kabokosi kolankhula kadalowa m'nyumba zambiri. Ubwino wa zipangizo za nthawi imeneyo udali woti zinkaoneka ndi maso. Kachipangizo kalikonse kadali ndi miyendo yawaya yolowa m'timabowo ta bolodi, ndipo kuseri kwake munkadonthezera mtovu wosakaniza ndi tini, womwe umasungunuka pa madigiri pafupifupi 185. Moto wa makala umapitirira pamenepo kutalitali. Ndiye wopanda magetsi ankangoika msomali kapena waya wokhuthala pambaula, ukapsa n'kuwotcherera, basi.

Luso limeneli sadaliphunzire m'kalasi ambiri mwa eni ake. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, asanaimike makina ake amphepo opangira magetsi, adayamba ndi kuphwasula mawayilesi, n'kumalumikiza ndi waya wotenthetsa pamoto. Kwa aneba athu ku Mulanje, Gabriel Kondesi adapanga nyumba yake youlutsira mawu, Pachikweza, ndi zidutswa za mawayilesi akale. Mu 2009 adamangidwa chifukwa chosowa chilolezo ndipo adalamulidwa kulipira K50,000, dziko lonse n'kudzidzimuka kuti kumudzi kuli mitu.

Koma pamene ana ankaphunzira pa mawayilesi akufa, mafakitale akunja adali atasintha kale. Kuyambira m'ma 1980, zipangizo zidasiya kukhala ndi miyendo yolowa m'mabowo, zidayamba kumamatizidwa pamwamba pa bolodi ndi makina. Tina mwa tizipangizoti n'totalika milimita imodzi yokha, kuchepa kuposa kambewu ka mpunga. Mukayetsemula, kapita. Matchipi ena mfundo zake zili kunsi kwa mimba, komwe nsonga ya chitsulo singafikeko. Kuwonjezera apo, lamulo la ku Ulaya la 2006 lidachotsa mtovu m'zipangizo zambiri, ndipo cholowa m'malo mwake chimafuna madigiri opitirira 215. Kutentha kukachepa sichigwira, kukachuluka bolodi imapsa.

Kuno kusinthaku kudadza ndi foni zam'manja, TNM itayamba mu 1995 ndi Celtel mu 1999. Msomali wa pambaula udagonja. Lero pa Bvumbwe, pa Luchenza kapena pa Thyolo Boma, wokonza mafoni ali ndi kachitsulo ka nsonga yosongoka, kopanira, galasi lokulitsa ndi makina ouzira mpweya wotentha. Amapaka mafuta othandiza kuti chitsulo chiyende, amatenthetsa mozungulira mpaka tchipi chitayandama, n'kuchinyamula mpweya ali gwire. Magetsi akathima, ntchito yaima.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti khomo lolowera lachepa. Kale mwana ankafunika wayilesi yakufa ndi mbaula ya amayi ake. Lero akufunika zida za ndalama ndi magetsi odalirika, pamene foni yomwe ili m'manja mwa wothyola tiyi ndi momwe muli ndalama zake, ngongole zake ndi manambala a abale onse. Ikafa, wokonza wapafupi ndiye dokotala. Choncho inu amisiri muli ndi benchi pamsika, musamathamangitse kamwana koima pambali n'kumayang'anitsitsa. Kapatseni bolodi yakufa kaphunzirepo kuchotsa ndi kubwezeretsa, poyera pomwe utsi ukutuluka, ndipo kasambe m'manja kasanagwire nsima.